Mawotchi Onse Akuchedwa

Amuna anga amakonza mawotchi, ndipo anthu amawatchula kuti a Sekondi. Dzinali silinabwere chifukwa cha ntchito yokha ayi. Linabwera chifukwa cha mtima wawo, umene pa zaka makumi atatu ndi ziwiri zimene ndakhala nawo akhala akuunyadira kuposa mmene amanyadirira ana athu. Mtima umenewu, iwo amati, umagunda maulendo sikisite pa mphindi imodzi, osawonjezera osachotsera, kugunda kumodzi sekondi imodzi. Akakonza wotchi ya munthu sayerekeza ndi wailesi kapena foni ngati mmene amachitira anzawo. Amaika wotchiyo kukhutu, zala ziwiri pamtsempha wa pamkono, n'kutsinzina. Wotchi yapamkono iyenera kulira kasanu mtima ukagunda kamodzi. Ikapitirira ndiye kuti ikuthamanga, ikaperewera ikuchedwa, ndipo amaitsegulanso.

Chodabwitsa n'chakuti zinkatheka. Ine sindikhulupirira zinthu msanga, koma mawotchi ochoka m'manja mwawo ankayenda bwino ndithu, moti anthu ankachokera kutali kudzaonerera bambo woyeza nthawi ndi mkono. Ngakhale tsiku limene anandifunsira, anatenga zala zanga n'kuziika pamtsempha womwewo, amvekere tamverani, mtima uwu sunama. Ndinawerenga mpaka sikisite, ndinaona kuti munthuyu ndi wokhazikika, ndinalola. Patapita zaka m'pamene ndinazindikira kuti mwamuna amene akufunsira mbeta mtima wake osathamanga ngakhale pang'ono ndimayenera kumukwiyira.

Tebulo lawo lili pakona m'sitolo ya achimwene anga, amene amagulitsa misomali, penti, maloko ndi mipope. Ndi malo oti munthu wonenepa sangatembenukepo: kumanzere zitini za penti, kumanja windo, kumbuyo khoma lodzaza mawotchi odikira eni ake. Patebulopo pali nyali yopindika khosi, kagalasi kovala padiso limodzi, ndi madilowa khumi ndi awiri a timasikuluwu toti ukayetsemula udzatifunafuna mpaka chaka chamawa. Ine ndimathandiza achimwene pakauntala, ndiye zonse ndikufotokozazi ndinaziona ndi maso angawa, palibe za m'maluwa.

Mavuto anayamba ndi nthabwala. Tsiku lina achimwene akuyeza misomali pasikelo anangoti, alamu, masiku ano ndani akuvalanso wotchi, pali munthu wogulitsa makava a foni wakhala akundivutitsa kuti ndimupatse kona yanuyo. Achimwene anaseka, ine ndinaseka, amuna anga anasekanso, koma kuseka kwawo kunathera m'mano. Kuchokera tsikulo munthu anasintha. Tikatseka sitolo ankabwerera kanayi kukagwedeza loko. Kasitomala akalowa ankayamba amuyang'ana pamkono asanamupatse moni, ndipo akapeza mkono wopanda kanthu ankausa moyo ngati alandira uthenga wa maliro. Chakudya ankangochiyang'ana. Atayamba kundifunsa ngati ndingakhale nawobe atakhala opanda tebulo, ndinawaveka jekete n'kuwatengera kuchipatala, chifukwa ine mafunso opusa amandipsetsa mtima.

Adokotala anati ndi matenda a nkhawa, ndipo anatipatsa timapiritsi toyera, kamodzi m'mawa uliwonse. Woyang'anira mankhwalawo ndinali ine. Ndinkaima patsogolo pawo ndi kapu ya madzi mpaka ameze, kenako atsegule kukamwa ndione ngati sanabise pansi pa lilime. Ndikunena zimenezi poyera chifukwa kutsogoloku mufuna kudziwa kuti wolakwa ndani, ndipo funso limenelo ine ndinadzifunsa kale.

Miyezi iwiri yoyamba tinapuma. Loko ankamugwedeza kamodzi kokha, ndipo tsiku lina ndinawamva akuimba likhweru akupukuta wotchi ya munthu. Ndinayamba kudzitama kwa anzanga kuti mwamuna amangofunika kumugwira bwino. Mwezi wachitatu usanathe, a Sekondi anayamba kumva kutentha. Inali nyengo yozizira, aliyense ali m'juzi, koma iwo malaya atamatirira kumsana, thukuta lili kamukamu. Anatsitsa fani yogulitsa pashelefu, kapepala ka mtengo kali lende pachingwe, n'kuiyatsa patebulo lawo. Achimwene atadandaula, iwo anati akungoiyesa ngati ili bwino. Anaiyesa milungu itatu.

Kenako inabwera njala. Munthu amene kale ankasiya theka la dzira m'mbale anayamba kumaliza buledi wathunthu m'mawa, mazira anayi, nthochi phava lonse, ndipo teni koloko isanakwane ali m'chikwama changa kufunafuna mabisiketi. Akanakhala kuti akunenepa ndikanati mwina ndi madalitso, koma ankangotha. Buluku linayamba kuwathawa. Anatenga kachitsulo kamene amaboolera malamba a mawotchi n'kuboola mabowo atatu atsopano pa lamba wa m'chiuno, mokongola ndithu, motalikirana mofanana. Maso anatuluka pang'ono, nthawi zonse ali tong'o ngati munthu amene wangouzidwa mtengo wa simenti. Manja nawo anayamba njenjenje. Timasikuluwu tinkadumpha n'kusowa, moti madzulo aliwonse ndinkakwawa pansi ndi maginito, mayi wa zidzukulu ziwiri, makasitomala akundilambalala.

Lachiwiri lina m'mawa anachotsa wotchi kukhutu, anatenga ina, kenako ina, mpaka anatsitsa onse a pakhoma. Atatha anandikodola ndi chala n'kundinong'oneza.

"Mayi, mawotchi onse akuchedwa."

Ndinafunsa kuti onse ati. Anati onse: a makasitomala, yakunyumba, ngakhale yawo yomwe imene anawasiyira bambo awo. Ndinatulutsa foni yanga n'kuwaonetsa kuti ikugwirizana ndi mawotchiwo, iwo anangopukusa mutu mondimvera chisoni. Anati nthawi ya pafoni imachokera kutali, imayenda mumlengalenga, ndiye pofika kuno imakhala itatopa. Za wailesi anati owulutsa mawu aja amayang'ana wotchi yapakhoma ngati wina aliyense. Ndinati nanga bwanji osaganizako kuti mwina ndi mtima wanu. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso otuluka aja, n'kunena kuti zaka zonsezi sankadziwa kuti anakwatira munthu wotukwana.

Ndiye anayamba ntchito yopulumutsa dziko. Mkati mwa wotchi yapamkono muli kachitsulo kamene ukakakankhira mbali ina wotchi imafulumira, ukakakankhira mbali inayo imadekha. Tizitsulo timeneti anatikankhira kofulumira mpaka kumapeto. Koma amene anaona zakuda ndi mawotchi apakhoma, aja okhala ndi chitsulo cholendewera chimene iwo amati mchira. Mchira ukafupika, wotchi imathamanga. Anakweza cholemera cha kunsonga mpaka pamene chimathera, ndipo ataona kuti sizikukwanabe anabwereka macheka odulira zitsulo pashelefu ya achimwene. Mawotchi ankabwera ndi michira yaitali yaulemu wake, n'kubwerera kwawo ndi tizidutswa tikugwedezeka ngati kamchira ka mbuzi.

Yakunyumba ndi imene inayamba kundizunza. Ndinapezeka ndikupakula chakudya chamadzulo dzuwa lili paliwombo, aneba akusuzumira pampanda kufunsa ngati tili ndi ulendo. Amuna anga ankadya mosangalala, n'kumanena kuti ngakhale dzuwa masiku ano layamba ulesi. Wophika buledi wa kuseri kwa msewu wathu, amene amawerengera nthawi ya mu uvuni pa wotchi yapakhoma, anabwera ndi buledi mmodzi, anamuika patebulo, n'kulowetsa chala pakati kuti tonse tione phala limene linali mkatimo. Anakalipa kwa nthawi ndithu. Pamene ankamaliza n'kuti a Sekondi atadya theka la umboni wake. Amene anabwera kudzathokoza ndi mmodzi yekha, mkulu wina amene anati kwa nthawi yoyamba m'moyo wake wafika padepoti basi isanabwere, ndipo anakhala pampando wa pawindo.

Ana a sukulu nawo anayamba kutipatsa ulemu wachilendo. Ankadutsa pasitolo hafu pasiti teni, zikwama kumsana, aliyense n'kusuzumira pawindo kupereka moni kwa a Sekondi. Ine ndinkati makhalidwe abwino abwerera m'dziko. Chifukwa chake tinachidziwa Lachitatu lina pamene ahedi a pasukulupo analowa akukankha wilibala, mmenemo mutagona wotchi yaikulu ya mu ofesi yawo, imene amaimbira belu. Anati chikonzereni wotchiyo, phunziro la masamu likumatha ana asanatsegule makope, ndipo mwa aphunzitsi onse palibe amene anadandaula mpaka makolo atabwera. Lolemba ana akuyamba mayeso a maola atatu, ndipo maola atatuwo akufunika akhale atatu enieni.

Achimwene sanaseke ulendo uno. Ahedi atatuluka, achimwenewo anavula magalasi n'kulankhula motsitsa mawu, zimene kwa iwo n'zoopsa kuposa kukalipa.

"Alamu, anthu ayamba kulambalala sitolo yanga. Wotchi iyi ikapanda kuyenda bwino pofika Lolemba m'mawa, tebulo likutuluka, wa makava uja akulowa. Lero si nthabwala."

Amuna anga anayankha kuti m'tauni yonse wotchi imeneyo ndi yokhayo imene yatsala pang'ono kulondola. Munthu ameneyu alibe mowa, alibe mpira, alibe anzake ocheza nawo pakhonde. Ali ndi tebulo lija basi, ndipo ndinadziwa kuti likatuluka pakhomo la sitolo, amene ndipite naye kunyumba ndi jekete lokha.

Ndinaganiza kuti nkhawa ija yabwerera ndi abale ake, ndipo chofunika ndi mapiritsi akuluakulu kuposa oyamba aja. Iwo atapita kukagula chakudya chachiwiri chamasana, ndinatsegula madilowa kufuna khadi la kuchipatala. Khadi sindinalipeze. Ndinapeza timaphukusi khumi ndi kamodzi ta pepala lopyapyala, kalikonse kali ndi masikuluwu a wotchi yakeyake. Pa kena ndinaona mawu akuti thukuta, pa kena kunjenjemera. Linali pepala lija limabwera m'kabokosi ka mankhwala, lopindidwa kambirimbiri, limene palibe munthu wamoyo anayamba waliwerengapo. A Sekondi analiduladula timagawo tofanana, poti n'lofewa, silikanda zitsulo.

Ndinakhuthulira masikuluwu onse m'kambale kamodzi, tchimo limene mpaka lero sanandikhululukire, n'kuyala timapepalato pakauntala, kutilumikiza ngati ndikusoka zigamba. Zilembo zake zinali zoti ngakhale nyerere ingafune magalasi. Ndinavala kagalasi kawo ka padiso, achimwene akundiunikira ndi tochi yogulitsa. Chakumunsi, pa mndandanda wa zimene zimachitikira anthu ochepa kwambiri, panalembedwa za chithokomiro kugwira ntchito mopitirira muyeso, ndi zizindikiro zake: mtima kuthamanga, kumva kutentha, kudya kwambiri koma n'kumaonda, manja kunjenjemera. Anangowajambula amuna anga, anasiya dzina ndi saizi ya nsapato zokha. Kagawo konena zoyenera kuchita kanasowa, ndipo tinadzamva pambuyo pake kuti kanapita ndi wotchi ya wophika buledi, kakuchirikiza kachitseko kuti kasamagwedere.

Ndinakhala pa chitini cha penti. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, chifukwa ndinakumbukira kapu ya madzi ija, ine ndikusuzumira pansi pa lilime la munthu wamkulu ngati wapolisi.

Kuwauza kuti tipite kuchipatala chifukwa mtima wawo walakwitsa kukanakhala kutaya nthawi. Choncho m'mawa mwake ndinangonena ndikupukuta mbale kuti ndamva zoti wotchi ya kuchipatala ikuchedwa koopsa, odwala akumwa mankhwala a m'mawa masana. Sindinamalize n'komwe. Anali atanyamula kale chikwama cha zida, ndipo mumsewu ndinkachita kuthamanga kuti ndiwapeze.

Pamene ine ndinkalembetsa dzina, iwo n'kuti atakwera kale pabenchi la odwala, khutu pa wotchi yapakhoma, zala pamkono. Anesi anawatsitsa mwaulemu n'kuwapana chala ndi kamakina kowerenga kugunda kwa mtima. Kanaonetsa handiredi ndi eyitini. A Sekondi anafotokoza mofatsa kuti kamakinako kali ndi wotchi mkati, wotchiyo ikuchedwa, ndiye mphindi yake ndi yaitali, n'chifukwa chake mukulowa kugunda kochuluka. Anayamba kutsegula chikwama cha zida. Anesi anabisa kamakinako m'thumba la yunifolomu n'kutilowetsa kwa adokotala msangamsanga, ndipo mwa odwala onse amene anali pamzere palibe amene anadandaula.

Adokotala anali omwe aja, mayi wofatsa wa magalasi a chingwe. Anamvetsera nkhani yonse, ya michira, ya buledi, ya dzuwa laulesi, osaseka, ngakhale ndinaona cholembera chikugwedezeka m'manja mwawo. Anauza amuna anga kuti atambasule manja, anaikapo pepala pamwamba, ndipo pepalalo linavina. Anawapatsa madzi kuti ameze, iwo atawagwira pakhosi. Kenako anawapatsa mkono wawo kuti auwerenge. A Sekondi anati mtima wa adokotala ukuchedwa. Wa anesi ukuchedwanso. Wanga ukuchedwa, ngakhale pang'ono. Anafunsa mwaulemu ngati m'chipatala monsemo muli munthu ndi mmodzi yemwe wabwinobwino.

Apa adokotala anasintha njira. Anafunsa chimene chimachititsa wotchi yosathyoka kanthu kuti iyambe kuthamanga. Nkhope ya amuna anga inawala. Anafotokoza za kachitsulo kaja kwa mphindi khumi, akujambula kuseri kwa pepala lovina lija. Atamaliza, adokotala anawaloza pakhosi, chakumunsi kwa kholingo.

"Bambo, thupi nalo lili ndi kachitsulo kake. Kali apa, dzina lake chithokomiro. Ndikuganiza kuti kanu kakankhidwira kumapeto. Mtima wanu sunathyoke, ukungomvera zimene ukuuzidwa."

A Sekondi anagwira pakhosi pawo, kenako pamkono, kenako anayang'ana wotchi ya adokotala nthawi yaitali. Funso lawo linali limodzi lokha, loti wakankha ndani. Ine ndinayang'ana pansi. Adokotala anati sangalumbire. Mwina ndi mapiritsi aja, poti mankhwala ena amatero kwa anthu owerengeka, kapena mwina chithokomirocho chinali chitayamba kale pang'onopang'ono n'kumaoneka ngati nkhawa, poti ziwirizi zimavala malaya ofanana. Magazi ndi amene anene ngati ndi chithokomirodi. Anatichenjeza kuti tisasiye mapiritsi patokha mwadzidzidzi, asintha iwo mwadongosolo, ndipo anawonjezera ena oti aziziziritsa mtima podikira. Mawu akuti mwina aja ine ndinawafumbatira ndi manja awiri.

Pobwerera sanathamange. Tinadutsa malo atatu ogulitsa zakudya osaima. Titayandikira kwathu ananena osandiyang'ana kuti, ndiye kuti mtima wangawu wakhala ukundinamiza nthawi yonseyi. Ndinafuna kunena kuti kuthamanga si kufika, koma nditaona nkhope yawo ndinameza mwambiwo. Anandimvetsa chisoni kwambiri. Ndinati ngati ndi mapiritsi, amene ndinkakumwetsani ndine. Iwo anati ayi, inu munkangogwira kapu, amene anadula michira ya mawotchi khumi ndi anayi a anthu osalakwa ndine.

Lachisanu magazi anatsimikiza kuti ndi chithokomirodi. Adokotala anati matendawa amachizika, koma mtima ufuna milungu ingapo kuti ukhazikike, ndipo sanalonjeze kuti udzabwerera pa sikisite penipeni. Pamasiku amenewo unkagunda mmene wafunira, m'mawa nayinte, masana handiredi. Titabwerera kusitolo tinapeza wa makava uja ali pakona pathu ndi tepi, akuyeza kuchokera pawindo kukafika pazitini, ndipo anapempha amuna anga kuti amugwirire mbali inayo. Anamugwirira. Ine ndinatuluka panja kuti ndisapalamule mlandu.

Loweruka anapanga mchira watsopano wa wotchi ya sukulu kuchokera ku kandodo kachitsulo kopachikira makatani, ntchito yokongola ngakhale manja ankanjenjemera. Koma aiyeza ndi chiyani? Ndinawaikira foni yanga patebulo. Anaikankhira kumbali ndi chala chimodzi ngati mphemvu yakufa. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti Lolemba akakonzera mawotchi pansi pa mtengo ndi ulemu wawowo, ndinatenga foni yanga n'kupita kumsika, kuwasiya ndi achimwene.

Lamlungu m'mawa, sitolo ili yotseka, anandipempha kuti ndiwaperekeze. Wotchi ya sukulu inali pakhoma, mchira watsopano ukuyenda uku ndi uku mwaulemu, kulira kumodzi sekondi imodzi ngati zili bwino. Anandikhazika pa chitini cha penti, iwo pampando wawo, n'kutambasula dzanja.

"Mayi, ndibwerekeni mtima wanu. Ndaumvera zaka makumi atatu ndi ziwiri, umagunda sevente-thuu. Wanu kasanu ndi kamodzi, wotchi kasanu, basi. Koma mudekhe."

Apa ndiye panagona vuto. Ine ndili ndi mtima wapachala, mumsewu wathu aliyense akudziwa, ndipo palibe chimene chimandipsetsa mtima msanga kuposa kuuzidwa kuti ndidekhe. Anagwira mkono, anatsinzina, kenako anati ndisaganize za achimwene. Ndinali ndisanawaganize, koma tsopano ndinawaganiza, iwo ndi wa makava wawoyo ndi tepi yake, ndipo a Sekondi anati mtima wakwera. Anati ndiganize zabwino, monga ukwati wa mwana wathu wamkulu. Ndinakumbukira asewere anga amene anauza anthu kuti keke inali youma. Anati wakweranso. Ntchentche inatera pamphuno panga. Atanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinawauza kuti akanenanso mwambi wina, mkono womwewu uwapeza patsaya.

Miyambi inathera pomwepo. Panatsala kulira kwa wotchi ndi fungo la penti. Zala zawo zinali zotentha, zikunjenjemera pang'ono pakhungu langa, ndipo ndinaona mmene mkono wawo unaondera, lamba wa wotchi ya bambo awo ali pabowo lomaliza koma akukhwepabe. Ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene munthuyu anandigwira dzanja osati pondipatsira kanthu kapena pondiwolotsa msewu, ndipo sindinalipeze. Mkwiyo unaphwa wokha. Ndinkangofuna kuti tebulo likhale, iwo akhale kuseri kwake, ndiziwamva akudandaula za masikuluwu ine ndikugulitsa misomali. Tinakhala choncho mwina ola lathunthu. Kawiri anadzuka kukagwira cholemera cha mchira, n'kubwerera kudzatenganso mkono. Pomaliza anati yakhala bwino.

Lolemba m'mawa ahedi anabwera ndi wilibala yawo. Mayeso anatenga maola atatu osaperewera, ndipo ana podutsa pasitolo madzulo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapereka moni. Tebulo linakhala. Wa makava anabwera kudzatenga tepi yake imene anaiwala, ndinamupatsira pawindo. Tsiku lonse ndinayenda mapewa ali m'mwamba, ndikuuza kasitomala aliyense, ngakhale wogula msomali umodzi, kuti sukulu yonse ikuyendera mtima wanga.

Achimwene anapirira mpaka nthawi yotseka. Amuna anga atatuluka kupita kwa wophika buledi ndi mchira watsopano ndi chipepeso, anandiitanira kuseri kwa mipope akuseka mpaka misozi. Anati Loweruka lija, ine nditangotuluka, alamu awo anawabwereka foni, anabisala nayo kuseri kwa zitini za penti maola atatu, akuyerekeza wotchi ndi manambala a pafoni mpaka zinagwirizana ndendende. Anawalumbiritsa kuti asauze munthu. Wotchi inali itatha kale Loweruka. Cholemera chija Lamlungu ankangochigwira, osachipotoza.

Kutsutsa galu n'kukumba. Lachinayi titapita kukaonana ndi adokotala, amuna anga ali kotengetsa magazi, ndinapempha anesi kuti andipane chala ndi kamakina kaja. Kanaonetsa eyite-eyiti. Anesi anati kwa munthu amene wangokangana ndi kondakitala si zoipa. Ndinakhala phee mphindi zisanu ndikuganiza za maluwa, kanatsika n'kufika eyite-sikisi. Sevente-thuu sanaoneke n'komwe, ndipo ndikukayika ngati anayamba wadutsapo m'thupi langa.

M'mawa mwake ndinafika kusitolo mawu nditawakonza kale, nditawanola bwinobwino njira yonse. Ndinapeza a Sekondi ali patebulo lawo, fani itabwerera pashelefu, kambale ka masikuluwu osakanikirana kali pambali kakudikira. Anatenga wotchi mudilowa ya pansi, anaiika kukhutu, n'kutambasulira dzanja linalo kwa ine osatsegula maso. Wotchiyo ndinkaidziwa. Ndi ija inagwera m'madzi zaka zisanu zapitazo, yopanda mivi, yopanda chilichonse mkati, imene amangoisungira galasi lake. Ndinayang'ana wotchiyo, ndinayang'ana dzanja lija likunjenjemera m'malere. Ndinakoka chitini cha penti, ndinakhala, ndinawapatsa mkono, ndipo ndinadekha mpaka anamaliza kuwerenga.